Anthu Oyeza Mvula Mwaulere

Tonse tikukumbukira namondwe wa Freddy amene anasakaza chigawo cha kummwera m'mwezi wa Malichi 2023. Pa Nkhulambe, m'boma la Phalombe, panagwa mvula yoposa mamilimita 450 tsiku limodzi lokha, ndipo pa masiku anayi inapitirira mamilimita 1,000. Milimita imodzi ndiye kuti lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Tangoganizani, madiramu awiri ndi zidebe zina pamwamba kukhuthukira pa kamalo kochepera mkeka!

Kodi nambala zotere zimachokera kuti? Nthambi yoona za nyengo ili ndi makina ena otumiza okha uthenga, koma zida zambiri zoyezera mvula m'dziko muno zili pa sukulu, pa maofesi a zaulimi ndi m'maesiteti. Amaziyang'anira ndi aphunzitsi, alangizi ndi alimi wamba, ambiri mwa iwo popanda malipiro a ntchitoyi. Ikakwana 8 koloko m'mawa munthu amapita pa chidacho, kuthira madzi m'kabotolo koyezera, kulemba m'kope ndi kutumiza. Nambalazo zikafika pa intaneti ndi pa wailesi, dzina la woyezayo latsala kumudzi.

Ife tikuti amene amalandira nambalazi, kaya ndi boma kaya ndi makampani akunja oonetsa zanyengo pa foni, ali ndi ngongole kwa anthu amenewa, ndipo yaikulu ndi kuwakhulupirira. Nambala ngati ya pa Nkhulambe ija ikafika pa kompyuta imaoneka ngati wolemba waphonyetsa. N'zoona kuti kuphonyetsa kumachitika: wina amaika chida pansi pa mtengo wa mango, wina amadumphitsa masiku awiri n'kulemba zonse pamodzi. Koma nambala yodabwitsa siyofufuta mwakachetechete ayi. Muimbireni munthuyo, mum'funse kuti madzi afika pati pabwalo pake. Ngati walakwitsa muphunzitseni, chifukwa mawa ayezanso. Ngati wanena zoona, ndiye kuti kumunsi kwa mtsinje kuli anthu ofunika kuthawa usiku womwewo. Anthu a ku Phalombe amadziwa zimenezi kuyambira mu Malichi 1991, pamene napolo anatsika m'phiri la Michesi ndi kupha anthu mazanamazana.

Zina ndi zapafupi. Kabotolo kakasweka apatsidwe kena msanga, ndipo mayunitsi otumizira uthenga asachoke m'thumba mwake. Chenjezo la mvula yoopsa lizim'fika iye moyambirira, poti ndi amene anansi amam'funsa. Ndipo kampani imene yatenga nambala zake mwaulere isadzamulipiritse pamene akufuna kuona zolembedwa za siteshoni yake yomwe, pakuti kumeneko n'kugulitsa nsomba kwa msodzi amene waigwira.

Wina anganene kuti za ku Phalombe zikutikhudza bwanji ife a m'mbali mwa nyanja. Mitsinje ya Phalombe ndi Sombani imathira m'nyanja ya Chilwa, imene inaphwa mu 1995 ndi kuphweranso kwambiri mu 2018. Ofuna kudziwa ngati matemba adzakhalepo chaka chamawa amayamba ndi kuona mvula imene yagwa kumtunda, ndipo mbiri ya mvulayo ili m'makope aja. Kope likasiyidwa miyezi itatu chifukwa mwini wake wagwa ulesi, palibe makina amene angabwerere m'mbuyo kukayeza mvula imene inagwa kale.