Mukamadikira pa foni, ndani wasankha zomwe mukumva?

Tchuthi chapitachi ndinakhala milungu itatu kwa achimwene anga. Iwowo amasamalira makompyuta pa kachipatala kena komwe si ka boma, ndipo nthawi imeneyo n'kuti akuika mafoni atsopano. Ine, mwana wa mabuku ndi mbiri yakale, yanga inali kugwira tochi ndi kupatsira zida. Koma tsiku lina anandifunsa funso lomwe kwa iwo linali lopepuka: "Iwe wa zaluso, anthu akamadikira pa foni azimva chiyani?" Ndinayankha mosaganiza kuti tingoikapo wailesi. Lero ndikulemba kuti ndinalakwitsa, komanso kuti aliyense amene akuika mafoni a ofesi aziganiza kawiri asanachite zomwe tinachita ife.

Ndiyambe ndi kufotokoza chomwe tinkagwiritsa ntchito. Dzina lake ndi Asterisk, pulogalamu yomwe Mark Spencer wa ku America anayambitsa mu 1999. Imasandutsa kompyuta wamba kukhala malo olandirira mafoni ndi kuwagawa m'maofesi. Ubwino wake ndi wakuti aliyense angathe kuitenga osalipira, kuona mmene inalembedwera ndi kuisintha momwe akufunira. Ambiri amaiyendetsa kudzera pa FreePBX, yomwe imakupatsa mabatani m'malo molemba malamulo pamanja. Kwa kachipatala kopanda ndalama zogulira makina odula, imeneyi ndi mphatso, ndipo sindikutsutsana nayo.

Kuika wailesi ya pa intaneti n'kosavuta. Muli fayilo yotchedwa musiconhold.conf. Mmenemo umauza Asterisk kuti m'malo moseweretsa nyimbo zosungidwa pa kompyuta, iyatse kapulogalamu kena, ife tinagwiritsa ntchito mpg123, kamene kamakoka mawu ku adiresi ya wailesiyo n'kuwachepetsa kuti akwane mu foni. Mizere inayi kapena isanu basi. Achimwene anamaliza tiyi asanazizire. Tinaimba kuti tiyese, tinamva nyimbo, n'kuwombana m'manja.

Patapita masiku anayi, achemwali olandira alendo anatiitana. Mayi ena anaimba kufunsa za bambo awo omwe anagonekedwa usiku. Anauzidwa kuti adikire pang'ono kuti aitanidwe anesi. Mphindi zomwe ankadikirazo, wailesi inali pa mauthenga a maliro. Uje watisiya, mwambo woika m'manda uli mawa kumudzi kwakuti. Anesi atatenga foni anapeza mayiwo akulira, osatha ndi kuyankhula komwe. Bambowo anali bwino, anali atadya ndi phala lomwe. Palibe amene anafuna kuwazunza mayiwo, koma tinawazunza ndithu, ndipo nzeru yake inali yanga.

Apa ndiye pagona mfundo yanga. Munthu amene akudikira pa foni sali ngati womvera wailesi kunyumba. Wa kunyumba akanyansidwa amasintha siteshoni kapena kuzimitsa. Wodikira pa foni alibe kothawira, chifukwa akadula ndiye kuti wataya malo ake. Komanso Asterisk ikangoyankha, mayunitsi ake amayamba kudyeka. Tsono munthuyu akulipira kuti amve zomwe sanasankhe. Ngati ndi choncho, wosankhayo ayenera kukhala munthu amene akudziwa kuti oimba ndi ndani komanso abwera ndi nkhawa zanji. Mukalumikiza wailesi, udindo umenewo mwaupereka kwa muulutsi amene sadziwa n'komwe kuti kachipatala kanu kaliko. Lero akuulutsa za maliro, mawa mtsutso wa ndale, mkuja malonda a mankhwala azitsamba ochiza matenda onse, kapenanso a chipatala china chomwe mukulimbirana nacho odwala. Woimba foni amatenga zonsezo ngati mawu anu.

N'zoseketsa kuti mwambo umenewu unayambanso ndi wailesi, mwangozi. Alfred Levy, mwini fakitale ina ku New York, anapeza kuti waya wina wa foni unakhudza chitsulo cha nyumbayo, n'kuyamba kukoka mawu a wailesi ya pafupi. Anthu odikira ankamva nyimbo. Iye anaona mwayi, ndipo mu 1966 analandira chikalata cha umwini wa nzeruyo. Zomwe zinayamba mwangozi sitiyenera kumazichitabe mwangozi mpaka lero.

Pali zifukwa zinanso, za m'thumba. Asterisk ikalumikizidwa ku wailesi ya pa intaneti motere, imakokabe mawuwo ngakhale palibe amene akudikira, usana ndi usiku. Wailesi yomwe imatumiza makilobiti 128 pa sekondi imadya pafupifupi mamegabaiti 58 pa ola, kutanthauza magigabaiti oposa 40 pa mwezi. Kumaiko komwe intaneti amalipira kamodzi pa mwezi n'kuiwala, palibe amene angadandaule. Ife a mabandulo tikudziwa kuti ndalama imeneyo ndi yogulira magolovesi ndi mafuta a jenereta. Ndiye netiweki ikagwa, wodikira amangomva zii. Amayesa foni yaduka, amadula, amaimbanso, amalipiranso.

Onjezerani kuti zomwe mwalipirazo zambiri sizifika m'khutu. Foni wamba imanyamula mawu a pakati pa 300 ndi 3,400 Hz, ndipo imajambula mawu ka 8,000 pa sekondi pomwe CD imajambula ka 44,100. Inapangidwira mawu a munthu, osati gitala ya besi kapena ng'oma. Foni ya m'manja imawafinyanso. Nyimbo yokoma pa wailesi imatuluka ngati ikuimbidwa m'chitini. Ukugula ng'ombe yathunthu kuti udye mchira wokha.

Chomwe chimandikhudza kwambiri monga wophunzira zaluso ndi cha oimba. Pali chizolowezi choganiza kuti pulogalamu ikakhala yaulere, zonse zodutsamo n'zaulerenso. Ayi. Amene analemba Asterisk anasankha okha kuipereka kwa anthu. Woimba wa ku Ndirande kapena ku Kawale amene nyimbo yake ikumveka pa foni yanu sanasankhe zimenezo. Chilolezo chomwe wailesi ili nacho ndi chake choulutsira, sichikhala chanu chifukwa choti mwapeza adiresi yake. Kuno tili ndi bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992 kuti lizitolera ndalama za eni nyimbo ndi zolemba, komanso lamulo la umwini wa zaluso la 2016. Musanaike nyimbo ya munthu pa foni ya bizinesi, kafunseni kumeneko. Timadandaula tsiku ndi tsiku kuti oimba athu amafa osauka, koma ndife tomwe timawatenga ngati mphepo yongopuma.

Ndikudziwa zomwe ena anganene, chifukwa achimwene ananena zomwezo. Nyimbo imodzimodzi yobwerezabwereza imatopetsa, ndipo odwala ena amaimba sabata iliyonse. Nyimbo zomwe zimabwera kale ndi Asterisk n'zololedwa kugwiritsa ntchito, koma n'zachilendo m'makutu mwathu, ngati walowa mu hotela ya kunja. Wailesi imamveka yamoyo, imayankhula chiyankhulo chathu. Zonsezi n'zoona. Koma yankho lake si kutaya chiwongolero. Ngati mukufuna kusinthasintha, sungani nyimbo khumi zomwe mwazimvera nokha mpaka kumapeto ndipo muli ndi chilolezo chake, Asterisk izisakaniza yokha. Ngati muli ndi nthambi zingapo ndipo mukufuna zonse zizimva zofanana, pali Icecast, pulogalamu inanso yaulere, yomwe mungapangire kawailesi kanukanu. Vuto si luso lokoka mawu pa intaneti. Vuto ndi kukoka mawu omwe simunawamve.

Ife tinatani? Tinachotsa wailesi tsiku lomwelo. Achimwene anapempha mnyamata wina woimba gitala kutchalitchi kwawo kuti ajambule tinyimbo titatu tofatsa, topanda mawu, ndipo chipatala chinamulipira. Gitala yokha imadutsa bwino mu foni kuposa gulu lonse. Achemwali olandira alendo aja anajambula uthenga wachidule m'Chichewa: "Foni yanu sinaduke, tikuthandizani posachedwapa." Asterisk imathanso kuuza munthu kuti ndi wachingati pamzere, ngakhale kuti manambala a Chichewa muyenera kujambula nokha. Ndipo anagwirizana kuti munthu akadikira kupitirira mphindi ziwiri, azitenga nambala yake n'kumuimbira iwowo. Kunena zoona, chomalizachi n'chomwe chinathandiza kuposa nyimbo iliyonse.

Kwathu mlendo akafika, sitimusiya pakhonde ndi wailesi n'kulowa m'nyumba. Timamupatsa mpando, timamulonjera, timamuuza kuti amene akumufuna akubwera. Woimba foni ndi mlendo amene sitikumuona nkhope, ndipo nthawi zambiri wabwera ndi vuto. Anzanga a makompyuta, mizere isanu ija ndi yosavuta kulemba, ndikuvomera. Koma musanailembe, imbani nambala yanuyo ndi mayunitsi anuanu, mudikire mphindi zitatu, muyerekeze kuti amene wagonekedwa mkatimo ndi bambo anu. Mukatero musankhe.