ZA M'MAIKO AKUTALI: Minda ya Mpesa ya m'Mbali mwa Mtsinje wa Rhine

Mwezi uno tsamba lathu likutengerani ku Ulaya, pa mtsinje wa Rhine. Mtsinje umenewu umayambira m'mapiri a ku Switzerland, nuyenda mtunda wa makilomita pafupifupi 1,230, kudutsa m'malire a France ndi Germany, kufikira utathira m'nyanja ya mchere ku Holland. Chaka ndi chaka anthu opeza bwino ochokera ku America, ku Britain, ku Australia ndi kwina amalipira ndalama zambiri kuti ayende pa mtsinjewu m'sitima zokhala ngati mahotela, naonerera minda ya mpesa ndi mizinda yakalekale. Ambiri a ife sitidzakwerako sitima zotere. Komabe n'kwabwino kuti tidziwe zimene anthuwa amapita kukaona, makamakanso amene anazipanga, pakuti m'menemo muli phunziro limene banja lililonse lingapindule nalo.

Hotela yoyandama

Sitima zake n'zazitali koma zopapatiza. Zambiri zili ndi mamita 135 m'litali, koma m'lifupi sizifika mamita 12. Sazikulitsa kuposa apa chifukwa ziyenera kulowa m'zipata za madzi zimene zinamangidwa pa mtsinjewu. Chipata chotere chili ngati chipinda chachikulu cha konkire chokhala ndi zitseko mbali ziwiri. Sitima ikalowa amatseka zitsekozo, nachepetsa kapena kuonjezera madzi, ndipo sitimayo imatsika kapena kukwera pamodzi ndi madziwo kufikira italingana ndi chigawo cha mtsinje chimene ikupitako. Pakati pa Basel ndi Iffezheim pali zipata 10 zotere.

Sitima yaikulu imanyamula alendo okwana 190 ndi antchito pafupifupi 50. Mlendo amakhala ndi chipinda chogona, bafa ndi zenera lalikulu loyang'ana pamadzi. Ulendo wochokera ku Basel kukafika ku Amsterdam umatenga masiku 8, ndipo mtengo wake ndi madola zikwi zingapo pa munthu mmodzi. Kawirikawiri sitima imayenda usiku anthu ali m'tulo. Podzuka amapeza ali pa doko la mzinda wina. Amatsika, nazungulira mzindawo kwa maola ochepa motsogozedwa ndi munthu wodziwa mbiri yake, nabwerera kudzadya. Chimene chimagulitsidwa pa ulendowu ndi mtendere wosavutika ndi kanthu: palibe kusenza katundu, palibe kufunsa njira.

Maina amene tinawamva m'kalasi

Chigawo cha kumtunda cha mtsinjewu chili ndi maina amene ena a ife tinayamba kuwamva tili m'kalasi. Ku Basel ndiko John Calvin anasindikizira buku lake lalikulu la chiphunzitso cha Chikhristu mu 1536. Ku Strasbourg anakhalako kuyambira 1538 mpaka 1541, ali mbusa wa mpingo wa anthu othawa kwao ku France. Kutsika pang'ono tifika pa Speyer, pamene mu 1529 akalonga ena ndi mizinda ina anakana lamulo loletsa chiphunzitso cha Luther. Dzina loti Aprotestanti linachokera pa kukana kumeneko. Patsogolo pake pali Worms, pamene Martin Luther anaimirira pamaso pa mfumu yaikulu Charles V mu 1521, nakana kubweza zimene analemba. Kenaka pali Mainz, kwao kwa Johannes Gutenberg, amene anasindikiza Baibulo pa makina cha m'ma 1455.

Mzinda wa Heidelberg uli chapambali, pa mtsinje wa Neckar, ndipo alendo amapitako pa basi. Kumeneko ndiko kunalembedwa Katekisma wa Heidelberg mu 1563, amene mipingo ya Sinodi ya Nkhoma inamlandira kudzera mwa amishoni a Dutch Reformed amene anayamba ntchito pa Mvera mu 1889. Pa phiri la pamwamba pa mzindawo pali bwinja la nyumba yachifumu, ndipo m'chipinda chake cha pansi alendo amaonetsedwa mgolo wamatabwa wopangidwa mu 1751, wolowa malita pafupifupi 220,000. Mgolowo unapangidwira vinyo wa msonkho amene alimi a m'dzikomo ankapereka kwa kalonga wao. Alendo amaujambula, nadabwa ndi ukulu wake. Koma alimi amene ankasenza msonkhowo anali yani, ndipo ankalima motani? Yankho tilipeza tikatsika ndi mtsinje.

Chigwa cha malinga ndi mpesa

Pakati pa Bingen ndi Koblenz, mtunda wa makilomita 65, mtsinje umalowa m'chigwa chopapatiza chokhala ndi mapiri mbali zonse ziwiri. Apa sitima imayenda masana, ndipo alendo onse amakwera padenga kukaonerera. Mu 2002 bungwe la UNESCO linaika chigwachi pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa pa dziko lonse. Pamwamba pa mapiriwo pali malinga akale pafupifupi 40. Lero amaoneka okongola, koma ambiri anamangidwira kutolera msonkho kwa amalonda oyenda pamadzi. Pa Kaub pali linga lotchedwa Pfalzgrafenstein, lomangidwa pa kachisumbu pakati pa mtsinje kuyambira 1326, ndipo ngalawa sinkadutsa pamenepo isanalipire. Misonkho yotere inatheratu ndi pangano la ku Mannheim la mu 1868, limene linatsimikiza kuti mtsinjewu ukhale njira yaulere kwa onse.

M'munsi mwa malingawo muli minda ya mpesa, yosanjikizana ngati makwerero kuchokera m'mphepete mwa madzi kukafika pafupi ndi nsonga ya phiri. Mwina mungafunse: bwanji kulima pa therezi potero, dziko la Germany lili ndi zigwa zambiri zathyathyathya? Chifukwa chake ndi kuzizira. Dera limeneli lili kumpoto kwambiri, kumene mphesa zimavuta kupsa. Kumeneko dzuwa limadutsa cha kumwera, kotero phiri loyang'ana kumwera limalandira kutentha kochuluka kuposa malo athyathyathya. Nthaka yake ndi ya mwala wa sileti, womwe uja ankalembapo ana a sukulu kale. Mwalawu umamwa kutentha masana nuupereka kwa mpesa usiku. Madzi a mtsinje nawo amabweza kuwala kwa dzuwa, nachepetsa chisanu. Mtundu wa mpesa umene umakonda malo otere ndi Riesling, umene dzina lake linalembedwa m'mabuku a chuma a kumeneko kuyambira 1435.

Aroma ndiwo anafalitsa ulimi wa mpesa m'zigwa za Rhine ndi Mosel zaka zoposa 1,700 zapitazo. Pambuyo pao ansembe odzipatula anaupititsa patsogolo, monga a ku Eberbach amene anakhazika nyumba yao mu 1136. Koma manja amene anamanga makoma ogwira nthaka pa mapiriwo anali a anthu wamba amene maina ao sanalembedwe paliponse. Anasanja mwala pa mwala popanda simenti, mbadwo ndi mbadwo. Mvula ikakokolola dothi, ankalitola m'munsi, nalisenza m'madengu kumsana kubwerera nalo pamwamba.

Ntchitoyi sinapepuke kwenikweni mpaka lero. Thirakitala silingayende pa phiri lotere. Pa mtsinje wa Mosel, umene umathira mu Rhine pa Koblenz, pali phiri la Calmont limene kutsetsereka kwake kumafika madigiri 65, moti munthu wolima pamenepo amachita ngati akukwera khoma. Malo ena anaikako kanjanji kamodzi koyendapo kangolo ka injini konyamula anthu ndi madengu, koma zotsalazo n'zamanja. M'nyengo ya chisanu mlimi amadulira mpesa uliwonse, nasiya nthambi imodzi kapena ziwiri. Zikaphuka amazimangirira, napatulira masamba, nateteza mphesa ku matenda. Mu Seputembala ndi Okutobala amathyola phava lililonse ndi kampeni kapena sizasi. Mpesa wobzalidwa chaka chino umayamba kubala bwino pakapita zaka 3, ndipo ukasamalidwa umakhala zaka makumi angapo. Wobzala amabzalira ana ake.

Tisamveke molakwa. Tsamba lino siliitanira munthu ku chikho. Chiphunzitso cha mpingo pa za kuledzera tonse tikuchidziwa, ndipo ku Ulaya komweko mowa wapasula mabanja ambiri. Chimene tikuyang'ana ndi mlimi ndi phiri lake.

Pamene manja achepa

Mlendo wa padenga la sitima akapenyetsetsa amaona kuti pakati pa minda yosamalidwa pali zigawo za tchire ndi minga, ndipo m'katimo muli makoma ogumuka. Imeneyo inali minda. Cha m'ma 1900 chigawo cha pakati cha Rhine chinali ndi mahekitala oposa 2,000 a mpesa. Lero sakwana 500. Hekitala imodzi ya paphiri imadya maola a ntchito ochuluka kangapo kuposa ya pathyathyathya, kumene makina amalima ndi kukolola, koma wogula m'sitolo safuna kulipira kangapo. Ana a alimi ambiri anapita ku ntchito za m'mizinda, makolo nakalamba. Khoma limodzi likagwa osakonzedwa, madzi amapeza njira, nagwetsa la m'munsi mwake. Ntchito ya zaka mazana imatha m'zaka zowerengeka.

Alimi amene atsala amadalira aganyu ochokera ku maiko a kum'mawa kwa Ulaya, monga Poland ndi Romania, amene amabwera pa nyengo yokolola, nasiya mabanja ao kwa milungu ingapo. M'sitima momwemo, ambiri mwa ophika, operekera zakudya ndi oyala mabedi ndi ochokera kum'mawa kwa Ulaya ndi ku Asia, ndipo amakhala miyezi yambiri osaona ana ao. Mtendere wa mlendo wagona pa thukuta la anthu amenewa.

Madzi akachepa, madzi akachuluka

Mtsinjewo nawo suli wodalirika monga kale. Pa Kaub pomwepo pali choyezera madzi chimene oyendetsa sitima onse amachiyang'ana, chifukwa pamenepo mpamene pali posaya kwambiri. Mu Okutobala 2018, patapita miyezi ya chilala, choyezeracho chinatsika kufika pa masentimita 25, kutsika kumene kunali kusanalembedwepo. Mtsinje sunaume, koma sitima za katundu zinkanyamula gawo lochepa chabe la katundu wao kuti zisakhudze pansi. Malo ena ogulitsira mafuta a galimoto anasowa mafuta, mafakitale ena anachepetsa ntchito, ndipo alendo olipira ndalama zambiri aja anatsitsidwa, napitiriza ulendo pa basi. Mu Ogasiti 2022 madzi anachepanso pafupifupi chimodzimodzi.

Pakati pa zaka ziwirizo kunagwa tsoka la mtundu wina. Kumpoto kwa Koblenz kuli kamtsinje ka Ahr, kothira mu Rhine, kodziwika ndi mphesa zofiira. Usiku wa pa 14 Julaye 2021 mvula yamphamvu inasefukiza kamtsinjeko, ndipo m'chigwa chimenecho chokha munafa anthu oposa 130. Nyumba, milatho ndi mosungiramo vinyo zinakokoloka. Mpesa wa pamwamba pa mapiri unapulumuka, ndipo alimi a m'zigawo zina ndi anthu ongodzipereka anabwera ambirimbiri kudzachotsa matope ndi kuthandiza kukolola chaka chimenecho. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Wotsala ndi matope ndi mwini mudzi ndi mnansi wake.

Nyumba ya zaka 632

Sitima isanalowe m'dziko la Holland imaima pa Cologne, pamene pali tchalitchi chachikulu cha nsanja ziwiri zotalika mamita 157. Mwala wake woyamba unaikidwa mu 1248. Ntchito inaima kwa zaka mazana atatu, niyambanso mu 1842, nitha mu 1880, patapita zaka 632 chiikireni maziko. Amene anakumba mazikowo ankadziwa kuti sadzaona denga. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mzindawo unaphwasulidwa ndi mabomba. Tchalitchicho chinavulala koma chinaimabe. Mpaka lero pali gulu la amisiri osema miyala amene ntchito yao ndi kuchotsa mwala wodyeka ndi kuikapo watsopano, moti anthu a mumzindawo amaseka kuti tsiku limene ntchitoyo idzathe ndilo dziko lidzathe. Alendo amapatsidwa maola ochepa oonera nyumbayi. Ku Holland amaonetsedwanso makina 19 oyendera mphepo a pa Kinderdijk, omangidwa cha m'ma 1740 kuti azipopa madzi m'minda yotsika kuposa mtsinje. Nawonso akuimabe chifukwa pali anthu amene amawasamala.

Tsono, abale ndi alongo, tisachite nsanje ndi okwera sitimazo, ndiponso tisawanyoze, pakuti ndalama zao zimathandiza midzi ya m'mbali mwa mtsinjewo. Koma tizindikire kuti zonse zimene amalipira kuti akaone zinapangidwa ndi anthu amene anagwira ntchito yoti adzadyerere ena. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Pa khomo lililonse pali kanthu kotere kamene tinakapeza: munda umene agogo anauteteza ku madzi okokolola, mitengo imene atate anabzala, chitsime, nyumba yopemphereramo. Zimenezi zimaonongeka mwakachetechete, pamene mbadwo umodzi waleka kukonza pogumuka. Inu makolo, kodi ana anu akudziwa amene anayamba zimene akudyerera lero? Kodi mwawaphunzitsa kuzikonza ndi manja ao? Nanga inu anyamata ndi asungwana, mudzasiyira chiyani obwera m'mbuyo mwanu? Kambiranani zimenezi pa banja madzulo ano, ndipo tidzakumananso pa tsamba lino mwezi wa mawa.