Ulendo wa ku Cigwa m'Dzinja: Yambani Mwafunsa za Mvula

Ambiri a ife okhala m'makomboni a Chipata ndi Lundazi tili ndi abale ku cigwa ca Luangwa, kwa Mfumu Tembwe, kwa Chikwa, kwa Chifunda kapena pa Boma la Chama. Uthenga wa maliro ukafika mu Januwale palibe afunsa za mvula ai. Tisonkha ndalama, tikwera lole, ulendo. Ine monga wa cipatala ndinena kuti cizolowezi cimeneci ciyenera kutha.

Tembwe ali pansi m'cigwa. Kum'mawa kuli mitunda ya m'malire a Malawi, kumadzulo kutsidya la Luangwa kuli mapiri a Muchinga. Mvula ikagwa kumtunda usiku, madzi onse atsikira ku cigwa. Motero kamtsinje ka mcenga kamene munaoloka dzulo cosavula nsapato kangathe kudzala mwadzidzidzi, pamene inu muli pa dzuwa. Kuyang'ana mitambo ya pamutu panu sikukwanira.

Ndi cifukwa cake a Zambia Meteorological Department apereka macenjezo a mvula yamphamvu, ndipo a DMMU, a mu ofesi ya Waciwiri kwa Pulezidenti, acenjeza za kusefukira kwa madzi. Ena ati a zanyengo anama kawiri-kawiri. Inde, nthawi zina mvula imene analosera sibwera. Koma akaphonya, inu mwataya tsiku limodzi cabe. Mu Marici 2023 cenjezo la namondwe Freddy linaperekedwa ku Malawi, ndipo matope otsika m'phiri la Soche anakwirira nyumba ku Chilobwe mu Blantyre, anthu ambiri-mbiri namwalira. Cenjezo lotere liyenera kumveka m'Cinyanja ndi m'Citumbuka, pa wailesi ndi pa sitesheni ya mabasi pomwe.

Madzi othamanga ndi amphamvu kuposa m'mene aonekera. Okwana masentimita 15, ongopitirira m'kapolo mwa mwendo, angagwetse munthu wamkulu. Masentimita 60, a m'maondo kapena kupitirira pang'ono, akokolola galimoto. Dalaivala akati "tipita cabe", tsikani, ngakhale ena akusekeni. Madzi a mitsinje ing'ono-ing'ono sacedwa kutsika mvula ikaleka. Kuthamanga si kufika.

Koma cimene anthu sadziwa kweni-kweni ndi kuzizira. Poti ku cigwa kutentha, makolo aganiza kuti mwana sangafe ndi mphepo. Mwana amene wanyowa pamwamba pa lole, nagona usiku wonse m'zobvala zonyowa podikira kuti madzi aphwe, ataya kutentha kwa thupi msanga kuposa wamkulu. Poyamba anjenjemera. Akaleka kunjenjemera nayamba kuodzera, osafuna kuyamwa, musati wapeza bwino. Apo ndiye zaipa. Mubvuleni zonyowa, mumuike pa cifuwa ca mai wake thupi kwa thupi, mupfunde onse awiri citenje couma ndi bulangeti, ndipo mutu ubvalidwe. Wamkulu mupatseni tiyi wa shuga ngati angathe kumeza. Kacasu ai. Mowa upangitsa munthu kumva kutentha pamene thupi lizizirabe.

Munthu amene mwabvuula m'madzi musamuzondotse kapena kumupsinja pamimba kuti asanze madzi. Mutaya nthawi. Ngati sapuma, muuzireni mpweya kukamwa ndi kupsinja pakati pa cifuwa mobwereza-bwereza. Ngati apuma, mugonekeni cam'mbali. Ngakhale atsitsimuke nayamba kulankhula, apite ku kiliniki tsiku lomwelo, pakuti mapapo angabvute pambuyo pake.

Azibambo, mai wa mimba ya miyezi 8 si wa pa ulendo wotere, ngakhale maliro akhale a apongozi. Abale omvetsa zinthu sadzamuimba mlandu. Ndipo ngati mlongo wanu ali ku mudzi ndi pakati, m'malo mwa kumutumizira zobvala za mwana cabe, tumizani ndalama yoti apite msanga ku nyumba ya cidikiro pafupi ndi cipatala, miseu isanatsekeke. Ambulansi nayo siuluka.

Ngati ulendo sungalephereke, imbirani abale ku cigwa mufunse za mitsinje, ndipo nyamukani m'mawa. Amene akumwa ma ARV, mankhwala a TB, a BP kapena a shuga atenge a sabata ziwiri zapadera, omangidwa bwino m'pulasitiki. Onjezani klorini wothira m'madzi akumwa ndi neti ya udzudzu, cifukwa ku cigwa malungo aculuka m'miyezi imeneyi.