Kafukufuku wa ulimi: mwini wake ndani?

Alimi anzathu, m'chaka cha 1990 akatswiri a ku Chitedze, mothandizana ndi bungwe la CIMMYT, adatulutsa chimanga cha MH17 ndi MH18. Adachipanga poyankha dandaulo la amayi loti haibulidi wakale ankanyenyeka mumtondo ndiponso ankafumbwa msanga m'nkhokwe. Funso lidachokera kumudzi, yankho n'kubwerera kumudzi.

Nanga lero mafunso akuchokera kuti? Boma limalipira malipiro a akatswiri a ku Chitedze, Bvumbwe, Makoka ndi Lunyangwa, koma ndalama zambiri zoyesera mbewu zimachokera ku mabungwe akunja. Wopereka ndalama ndiye amasankha mbewu yofufuza, dera ndi nthawi. Pulojekiti imatha pakapita zaka zitatu kapena zisanu, pomwe kupanga mtundu watsopano wa mbewu kumatha kutenga zaka khumi. Zotsatira zake, katswiri amasankha ntchito yofulumira kuoneka mu lipoti, ndipo nthawi yoti akhale m'munda amaithera pa kompyuta kulemba makalata opempha thandizo.

Fodya ali ndi ARET, yomwe imayendera ndalama zodulidwa pa malonda a fodya. Chimanga cha haibulidi chili ndi makampani ogulitsa mbewu chaka ndi chaka. Koma mawere, mapira ndi nzama, zomwe zimatipulumutsa mvula ikadula, woziyankhulira ndani?

Akuluakulu adati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Mu 2025 boma la America lidatseka USAID, ndipo ntchito zambiri zofufuza zomwe zinkadalira bungweli zidaima mwadzidzidzi. Mbewu yoyesera siidikira kuti ndalama zibwerenso. Nyengo imodzi ikaphonyeka, thukuta la zaka zingapo limatha kupita pachabe.

Ena akuti dziko losauka silingakwanitse kafukufuku. Ife tikukana. Kuyambira 2005 boma lakhala likupeza ndalama zochuluka za feteleza wotsika mtengo. Feteleza amatha nyengo imodzi, koma mtedza wa CG7 tikulimabe patatha zaka zoposa 30.

Choncho tikupempha zinthu zitatu. Choyamba, Nyumba ya Malamulo ipatule ndalama zoyendetsera kafukufuku chaka chilichonse, osati malipiro okha. Chachiwiri, alimi ang'onoang'ono tikhale ndi mipando m'makomiti osankha zoyenera kufufuza. Chachitatu, katswiri aziyesedwa ndi mbewu zomwe zafika m'minda yathu, osati kuchuluka kwa malipoti.

Kambiranani nkhaniyi m'makalabu mwanu, ndipo phungu wa dera lanu akabwera, mufunseni kuti chaka chino kafukufuku wapatsidwa zingati.