Chotupa cha mu Ubongo Chikabweranso

Mawu oti "mwapezeka ndi khansa" amawawa, koma oti "yabweranso" amathyola mawondo. Ulendo woyamba banja limakhala ndi mphamvu: mbuzi zimagulitsidwa, mpingo umasonkha, wodwala amachitidwa opaleshoni. Ulendo wachiwiri umapeza khola lili pululu, ndipo anthu amayamba kunong'ona kuti kaya Mulungu wawataya, kaya pali dzanja la munthu.

M'makomboni a ku Shurugwi, Zvishavane ndi Redcliff, kumene kuli zidzukulu za anthu amene adachoka ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito m'migodi, katunduyu amalemera kwambiri. Ambiri alibe mudzi wothawirako. Fakitale ya zitsulo ya Zisco idaima mu 2008, mgodi wa Shabanie nawonso udagwa, ndipo ntchito zimene zinkabwera ndi thandizo la chipatala zidapita nazo. Kwa zaka zambiri, makina a boma owotchera chotupa akhala ali ku Parirenyatwa ku Harare ndi ku Mpilo ku Bulawayo kokha.

Tiyeni timvetsetse chimene chimachitika. Zotupa zina za mu ubongo, monga glioblastoma, zimayanza mizu ngati kapinga. Dokotala amachotsa chimene akuchiona, koma sangakumbe kwambiri osaononga mbali zimene munthu amalankhulira, kuonera kapena kuyendera. Timizu totsalato ndi timene timaphukanso. Palibe amene adalakwa, ndipo sikuti pemphero lidachepa.

Chotupacho chikamapanikiza ubongo, wodwala amamva mutu kwambiri, amasanza, amaiwala, ngakhale kutukwana mkazi wake amene wakhala naye zaka 30. Amenewo ndi matenda, si ziwanda. Akagwa ngati wakhunyu, mugonekeni chammbali, mutalikitseni ndi moto, ndipo musamuike kanthu m'kamwa.

Nanga chikhulupiriro chili pati? Chili mwa mayi wa Chigwirizano amene amabwera ndi phala m'mamawa. Chili mwa shehe kapena mbusa amene amakhala pamphasa osafunsa tchimo la wodwalayo. Chili m'banja limene likupemphera uku likusunga tsiku lopita kuchipatala. Chenjerani ndi aliyense wolamula kuti mankhwala atayidwe, kapena wofuna ng'ombe yotsalayo kuti achite chozizwitsa.

Madokotala akanena kuti opaleshoni ina siingathandize, chisamaliro sichinathe. Bungwe la Island Hospice, lomwe lidayamba ku Harare mu 1979, lidaonetsa kuti ululu ungathe kuchepetsedwa wodwala ali kunyumba. Funsani anamwino za mofini. Kupereka mankhwalawa si kugonja, ndiponso si kufulumizitsa imfa.

Inu alangizi ndi atsogoleri a magulu a maliro, mutu umodzi susenza denga. Gawanani masiku ogonera wodwala kuti womusamalira apumeko. Thumba limene mumasungira bokosi lingathenso kulipira basi ya ku Bulawayo, munthu akadali moyo.