Wovulala pa Nchito Asasiyidwe Yekha

Alimi anzathu, nyengo youmitsa ndi kumanga fodya ndiyo nyengo ya ngozi. Wina amagwa m'balani popachika fodya, wina amapanidwa dzanja ndi jeke, wina amagwa pangolo. Tikamtengera kuchipatala, namangidwa pulasitala, timayesa nkhani yatha. Koma sinathe.

Fupa lothyoka limatenga masabata 6 kapena kuposa kuti ligwirane. Masiku onsewo munthu ali gone pamphasa, anzake akusankha fodya. Akuganiza za ngongole ya feteleza, chakudya cha ana, ndiponso ngati malo ake sadzapatsidwa kwa wina. Tulo timasowa, nsima imakanika, ena amayamba kachasu. Enanso, ngakhale bala litapola, amanjenjemera akangoyang'ana balani. Umenewu si ulesi, ndipo si kulodzedwa ai. Ndi matenda a maganizo, ndipo amachizika.

Tsono tikupempha eni maesiteti, akapitao ndi atsogoleri a makalabu zinthu zitatu. Choyamba, kamuoneni kunyumba, mumuuze poyera kuti nchito yake ikumdikira. Chachiwiri, kanenereni ngoziyo ku ofesi ya Leba, pakuti lamulo la chipepeso cha anchito la 2000 limati wolembedwa nchito akavulala pa nchitoyo apepesedwe. Munthu wodziwa zimenezi mtima umakhala pansi. Chachitatu, adokotala akalola, mpatseni nchito yopepuka yokhala pansi, monga kusoka kapena kusankha fodya, kuti azicheza ndi anzake.

Ena adzati esiteti si chipatala. Nzoona. Koma wosankha fodya waluso saphunzitsidwa m'chaka chimodzi, ndipo mabelo osakanizika amabwezedwa ku okushoni. Kumtaya munthu wotere nkutaya ndalama. Inu anchito, mfundo iyi kaineneni kwa bwana muli gulu, osati mmodzimmodzi.

Mnzanu akayamba kunena kuti moyo wamkwana, musaseke. Tsekerani mankhwala opopera mbewu ndi loko, musamsiye yekha, ndipo pitani naye kuchipatala cha boma tsiku lomwelo. Akafunika chithandizo choposa, chilipo ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God ku Mzuzu.

Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tiyeni tisamale mnzathu monga tisamalira nazale, mpaka atabwerera m'munda.