ZA UMISIRI: GUMBA-GUMBA AKAYAMBA KUNG'UNG'UDZA

M'nyumba zambiri mukali magumba-gumba a Pioneer, Sansui ndi Kenwood opangidwa ku Japan m'zaka za m'ma 1970, amene anaimbapo malekodi a Paul Ngozi ndi Nashil Pichen Kazembe. Ena akayatsidwa lero amang'ung'udza ngati njuci za m'mphako, ndipo eni ake amawataya poyesa kuti afa. Kumeneko ndi kutaya cuma, pakuti kulirako ndiko kumaloza pamene pali matenda. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mtima wa gumba-gumba ndi amplifier, makina okuza mau. Magetsi a ZESCO amafika m'nyumba ali mavoti 230, ndipo amapita uku nabwerera uku ka 50 pa sekondi imodzi. Amplifier safuna magetsi ogwedezeka cotero. Ndiye cifukwa cake m'kati mwake muli thiransifoma, madiode owongola magetsi, ndi macapacitor akulu onga zitini amene amasunga mphamvu monga damu lisunga madzi. Kugwedezeka kuja kukapeza polowera, kumamveka m'masipika.

Coyamba, zulani nthambo zonse za kumbuyo kusiyako za masipika, tsitsani voliyumu kotheratu, ndipo yatsani. Ngati kung'ung'udza kukali kumveka m'masipika onse awiri, kaikirani macapacitor akulu aja. M'kati mwao muli mankhwala amadzi amene amauma ndi ukalamba ndiponso kutentha. Akauma, mau ake amakhala okwererako, ogunda ka 100 pa sekondi. Capacitor yotupa pamwamba kapena yodontha pansi yatha nchito. Yatsopano ikhale ya mamicrofarad ofanana, ndipo mavoti ake asacepere a yakale. Mbali ya + ndi ya - zisasinthanitsidwe, cifukwa ikaikidwa cozondoka imaphulika.

Caciwiri, ngati amplifier ali cete pa yekha, bwezerani nthambo imodzi-imodzi mukumvetsera. Imene ibweretsa phokoso lakuya, lokula pamodzi ndi voliyumu, ndiyo ya mlandu. Kawiri-kawiri ndi ya coimbira malekodi. Zoimbira zambiri ziri ndi kawaya kakang'ono kofunika kumangidwa pa sikuluu yolembedwa GND kumbuyo kwa amplifier. Kawayako kakaduka kapena kucita dzimbiri, phokoso limabuka pomwepo. Talikitsaninso nthambo za mau ndi nthambo za magetsi, ndipo musasanjike coimbira pamwamba peni-peni pa thiransifoma.

Cacitatu, ngati bvuto liri ku sipika imodzi yokha, sinthanitsani nthambo zocokera ku coimbira, ya kumanzere ndi ya kumanja. Bvuto likasamuka, liri kunja. Likakhala pomwepo, liri mu amplifier kapena mu sipikayo. Kuthetheka kumene kumveka potembenuza voliyumu kawiri-kawiri ndi fumbi, ndipo mankhwala opopera ochedwa contact cleaner amacotsa. Koma kuthetheka kobwera kokha makina akatentha kumacokera ku mtobvu wong'aluka pa malumikizidwe kapena ku transistor yokalamba. Amisiri amaidziwa bwino 2SC458 ya Hitachi pa khalidwe limeneli.

Tsono tamverani cenjezo. Macapacitor amasungabe magetsi ngakhale pulagi itazulidwa, ndipo mu amplifier wa mavalavu mumakhala mavoti opitirira 300, okwanira kupha munthu. Amene sanaphunzire nchitoyi alekezere pa kuyesa nthambo. Cibvundikiro acisiyire mmisiri. Musadule dzino lacitatu la pulagi pofuna kuthetsa phokoso, pakuti ndilo limakuchinjirizani waya wa moto akakhudza citsulo. Fyuzi ikapsa kawiri, musaikepo waya kapena pepala lonyezimira la fodya, cifukwa mungaoche thiransifoma, mwinanso nyumba yomwe.

Amplifier amene wagona zaka zambiri asalumikizidwe ku magetsi mwacindunji. Mmisiri wanzeru amadutsitsa magetsi mu babu yakale ya kawaya ya mawati 60 kapena 100. Babuyo ikawala pang'ono n'kuzirala, zinthu ziri bwino. Ikawalabe kwambiri, m'kati muli cogundana, ndipo azime msanga.

Popita kwa mmisiri, mufotokozereni zimene mwapeza: sipika iti, nthambo iti, ndiponso ngati voliyumu isintha kanthu. Mukatero simudzalipira zitsulo zimene sizinafe. Mlungu wa mawa tidzakamba za singano ya coimbira malekodi ndi kasamalidwe kake.